Si Tonse Tili Matemba

Nkhani yokambidwa ku Kanjedza kwa ana a m'makalabu a zachilengedwe, aphunzitsi awo ndi makolo

Mwamva kuti ndikamba za nsomba, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mukuyembekeza chambo, kampango kapena mbuna zokongola zija za ku Cape Maclear. Zimenezo ozikamba alipo ambiri. Ine ndabwera ndi nkhani ya tinsomba tosafika utali wa chala cha mkombaphala, timene timakhala m'ngalande, m'zithaphwi ndi m'mphepete mwa minda ya mpunga.

Kuno kwathu kansomba kalikonse kakang'ono kochokera ku mtsinje kapena ku dambo timangoti ndi matemba. Mayi akagula mulu mumsika wa Limbe sayamba wafunsa kuti aka n'kachiyani, aka n'kachiyani. Amathira tomato ndi anyezi, ndiwo zapsa, ndipo palibe wowadzudzula. Koma inu amene mwalowa kalabu ya zachilengedwe muyenera kuona zoposa pamenepo, chifukwa m'madzi osaya a dziko lino muli mitundu ya tinsomba yosiyana maonekedwe, yosiyana malo okhala, ndipo koposa zonse yosiyana kaswedwe. Kamodzi mwa ito kali ndi moyo wodabwitsa kotero kuti asayansi a ku Ulaya ndi ku America amawononga ndalama zambiri kuphunzira abale ake, pamene ife timakaponda popita kumunda.

Tiyambe ndi matemba enieniwo, kuti tikhale ndi poyerekezera. Temba la ku nyanja ya Chilwa, limene m'mabuku akale limalembedwa kuti Barbus paludinosus ndipo m'mabuku atsopano Enteromius paludinosus, mukaligoneka padzanja muona zinthu izi: mchira wake ndi wa mphanda, chipsepse cha pamsana chili pakatikati pa thupi ndipo kutsogolo kwake kuli munga wolimba wa manomano, pakamwa pali kutsogolo kwa mutu, ndipo m'mbali mwa kamwa muli tindevu tating'ono. Mvula ikagwa, matemba amakwera mitsinje n'kulowa m'maudzu omira, kumene amamwaza mazira ambirimbiri n'kuwasiya. Mazira amenewo akauma, afa. Ichi muchisunge, tibwererako.

Tsopano tiwoloke nyanja pang'ono. Ku Asia, kuyambira ku India mpaka ku Japan ndi ku zilumba za Indonesia, kuli banja la tinsomba ta m'minda ya mpunga lotchedwa Oryzias. Tambiri ndi ta masentimita atatu kapena anayi basi. Tilibe ndevu. Pamwamba pa mutu ndi pophwatalala, pakamwa pamayang'ana kumwamba chifukwa timadya tizilombo ta pamwamba pa madzi, maso ndi aakulu, ndipo chipsepse cha pamsana chili kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mchira. Chipsepse cha kunsi kwa mimba ndi chachitali, makamaka pa nsomba yamphongo. Kotchuka kwambiri ndi ka ku Japan, kotchedwa medaka, Oryzias latipes. Ka ku malo otentha kamene oweta nsomba za m'magalasi amakakonda masiku ano ndi Oryzias woworae, ka pa chilumba cha Muna ku Sulawesi, kamene Lynne Parenti ndi Renny Hadiaty anakalemba m'mabuku a sayansi mu 2010. Yamphongo imawala mwabuluu, ndipo kumimba ndi m'mphepete mwa mchira ndi yofiira.

Kaswedwe ka tinsomba timeneti ndi kachilendo. M'mamawa, kukangocha, yamphongo imakumbatira yaikazi ndi zipsepse zake, yaikazi n'kutulutsa mazira khumi, makumi awiri, nthawi zina kuposa. Mazirawo sagwa pansi. Dzira lililonse lili ndi timaulusi, ndiye onse amalendewera pamodzi kunsi kwa mimba ya make, iye n'kumasambira nawo kwa maola angapo mpaka atawakhulitsa pa udzu wa m'madzi, pomwe amakakamira. Mawa lake m'mawa ayambiranso. Madzi akakhala ofunda, tiana timaswa pakatha masiku pafupifupi khumi. Dziralo ndi loonekera mkati, moti ndi galasi lokulitsa zinthu mutha kuona maso a mwanayo akuda bii ndi mtima wake ukugunda. N'chifukwa chake medaka wakhala nsomba ya m'malabotale kwa zaka zoposa zana. Mu July 1994, medaka anayi anakwera chombo cha Columbia kupita mumlengalenga pamodzi ndi dokotala wa ku Japan, Chiaki Mukai, ndipo anaswana komweko, tiana n'kubadwa. Palibe nyama ina ya msana imene inali itachitapo zimenezi mumlengalenga.

Mtundu wa Oryzias kuno ku Africa kulibe. Koma wina atakuikirani medaka m'botolo limodzi, m'botolo lina n'kuikamo kansomba kena kochokera m'mabango a ku Mangochi, mungavutike kusiyanitsa. Kathuka ndi kowonda, kotuwa moyezuka, kali ndi pakamwa poyang'ana kumwamba ndi chipsepse cha pamsana chakumbuyo, mchira wake ndi wopanda mphanda, ndipo dzuwa likakawomba, m'maso ndi m'nthiti mumang'anima mwabuluu. Kanalembedwa koyamba mu 1894 ndi Albert Günther wa ku London, kuchokera ku zitsanzo zotengedwa ku Fort Johnston, komwe ndi ku Mangochi lero, ndipo anakapatsa dzina lakuti johnstoni polemekeza Harry Johnston. M'mabuku ambiri mukapeza pa dzina lakuti Aplocheilichthys johnstoni. Kamayenda m'timagulu pamwamba penipeni pa madzi odekha okhala ndi zomera, kamadya tizilombo ndi mphutsi za udzudzu, ndipo kamamata mazira ake pa udzu wa m'madzi pang'onopang'ono, osati kuwanyamula pamimba ayi. Kufanana kwake ndi kwakukulu kotero kuti kwa zaka zambiri akatswiri ankaika tinsomba ta ku Asia tija m'gulu limodzi ndi timeneti. Mu 1981 Donn Rosen ndi Parenti yemwe uja, atayang'anitsitsa mafupa a m'mutu ndi a pakhosi, anaonetsa kuti achibale enieni a medaka ndi nsomba za m'nyanja zikuluzikulu, kuphatikizapo zija zimauluka pamwamba pa mafunde. Moyo wa pamwamba pa madzi osaya ndi umene unawaumba mofanana, osati magazi.

Koma kansomba kamene kandibweretsa pano ndi kena, ndipo pamenepa ndichedwapo.

Mukakwera minibasi pa Limbe kupita ku Zomba, n'kutsika phiri kulowera ku Kachulu, mumafika m'chigwa cha nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotuluka. Imalandira madzi kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, ndipo amachoka ndi dzuwa lokha. Ndi yosaya, yazunguliridwa ndi njedza ndi madambo, ndipo mu 1997 inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse wa pangano la Ramsar. M'mphepete mwake muli masikimu a mpunga monga Likangala, Domasi ndi Khanda. Dzinja likafika, chigwa chonsecho chimadzaza timaiwe, maenje ndi ngalande zimene pofika mwezi wa June kapena July zimakhala zitauma gwaa, nthaka itang'ambika ming'alu yolowa dzanja.

M'timaiwe toumato mumakhala nsomba yotchedwa Nothobranchius kirki. Rex Jubb anailemba mu 1969 kuchokera ku zitsanzo zogwidwa m'dziwe lina pafupi ndi mtsinje wa Likangala, ndipo dzinalo ndi la R. G. Kirk amene ankagwira ntchito yofufuza za nsomba m'dziko muno. Siposa masentimita asanu kwenikweni. Thupi lake ndi lalifupi, lonenepa, mutu waukulu, pakamwa poyang'ana m'mwamba, ndevu palibe, mchira wozungulira ngati chikupizo, ndipo chipsepse cha pamsana ndi cha kunsi kwa mimba n'zazikulu, zoyang'anizana, chakumbuyo kwa thupi. Yamphongo simungaiiwale mukaiona kamodzi: mamba ake ndi abuluu mobiriwira, lililonse lozunguliridwa ndi mzere wofiira, ndipo mchira ndi wofiira psuu. Yaikazi ndi yotuwa, yaing'onopo, yopanda chokopa maso, moti munthu wosadziwa angati ndi mitundu iwiri yosiyana.

Funso limene mwana aliyense wanzeru amafunsa ndi lakuti: dziwe linauma miyezi isanu, silikhudzana ndi mtsinje uliwonse, nanga nsombazi zachokera kuti? Ena amayankha kuti zagwa ndi mvula. Ena amaganiza za nsomba ija ya ku Chikwawa ndi Nsanje yotchedwa dowe, imene imadzikwirira m'matope n'kugona chilimwe chonse ili yamoyo. Koma Nothobranchius sagona. Madzi akaphwa, makolo onse amafa, ena akakowa n'kutola. Chotsala ndi mazira okha.

Zimachitika motere. Nsombazi zikangokhwima, zimaswana tsiku lililonse. Yamphongo imakumbatira yaikazi ndi zipsepse zake zazikulu zija n'kuikanikizira pansi, ziwirizo n'kunjenjemera kamphindi, dzira limodzi n'kulowa m'thope. Zimasuntha pang'ono, n'kubwerezanso. Dziralo ndi la milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, koma chikhungwa chake n'cholimba zedi. Mwana amayamba kuumbika mkatimo, kenaka amaima. Safa, sakula, mpweya amagwiritsa ntchito wochepetsetsa. Asayansi anapeza kuti pali malo atatu pa kakulidwe kake pamene angathe kuima chonchi: koyambirira thupi lisanaoneke, pakati thupi litayamba kuumbika, ndi kumapeto ali wathunthu, maso ali mwaa, akungodikira madzi. Ng'ombe zimaponda pamwamba, ana amasewerapo mpira, moto wa lupsa umadutsa, iye ali phee m'dothi. Mvula ikadzaza dziwelo, pakangopita maola ochepa tiana timakhala tikusambira.

Chimene chimandigometsa ine n'chakuti mazira a mayi mmodzi saswa onse tsiku limodzi. Mlimi wochenjera sataya mbewu yake yonse pa chizimalupsa, amadziwa kuti mvula yoyamba imanama. Nsombayi nayo imatero. Mazira ena amaswa ndi madzi oyamba, ndipo dziwe likaphwanso msanga, amenewo apita. Ena amadikira mvula yachiwiri, ena amatha kudumpha nyengo yonse. Ndi mmene mtunduwu wapulumukira m'chigwa chimene nyanja yake yeniyeniyo inauma mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018. Zaka zimenezo matemba, makumba ndi milamba zinapulumukira m'maiwe akuya a m'mitsinje, ndipo n'chifukwa chake mafumu ndi a dipatimenti ya zausodzi analimbana kwambiri ndi anthu othira katupe m'maiwemo. Nothobranchius sanafune dziwe lothawirako. Iye chilala ndi mbali ya moyo wake, ndipo mutamuika m'madzi osaphwa, momwe muli milamba ndi nsomba zina zazikulu, sangalimbe.

Popeza nthawi ndi yochepa, kukula kwake ndi kwa liwiro. M'masabata ochepa chabe kamwana kaja kamakhala katayamba kuswana. Mbale wake wa ku Zimbabwe ndi Mozambique, Nothobranchius furzeri, amene anapezeka ku Gonarezhou mu 1968, ndiye wotchuka pa liwiroli: ofufuza a ku Czech Republic analemba mu 2018 kuti m'maiwe a kummwera kwa Mozambique amakhwima pa masiku 14 okha. Ndipo amakalamba msanganso. Ngakhale mutamusunga m'galasi, kumudyetsa bwino, madzi osaphwa, pakatha miyezi yochepa msana umapindika, mtundu umasuluka, amayamba kuiwala zimene anaphunzira, n'kufa. Choncho asayansi ofuna kumvetsa ukalamba wa munthu, ku Jena ku Germany, ku Pisa ku Italy ndi ku Stanford ku America, amaweta nsomba imeneyi, chifukwa zimene mbewa ingawaonetse pa zaka zitatu iyo imawaonetsa chaka chisanathe.

Mwina wina akufunsa chamumtima kuti, nanga kuno ku Kanjedza tingaipeze? Ku Chiwembe, mu Naperi, mu Mudi? Musataye nthawi. Chifukwa choyamba si zinyalala zimene tonse timaziona m'mitsinje yathu, ngakhale zimenezonso ndi nkhani. Chifukwa chake ndi dothi. Ife tili pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yaikulu, pa katondo, ndipo madzi athu ndi othamanga. Brian Watters, katswiri wa miyala ndi nthaka wa ku Canada amene anayenda kwambiri m'Malawi muno kufufuza nsombazi, anaonetsa kuti zimapezeka pa makande, dothi lakuda lija lomata m'dzinja ndi long'ambika m'chilimwe. Makande amauma pamwamba koma pansi amasunga kachinyontho kokwanira kuti dzira lisaumiretu, ndiponso sakhala owawasa ngati katondo. Choncho pofuna nsomba imeneyi, yambani mwayang'ana pansi pomwe mwapondapo.

Pamenepa ndi pamene nkhani ya ku Japan ikutikhudza. Medaka anali kansomba ka mwana aliyense wa kumudzi, kodzaza ngalande zonse. Mu 1999 boma la Japan linadabwitsa anthu ake pokalemba pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi. Vuto silinali usodzi. Chinachitika n'chakuti ngalande za dothi zinasanduka za simenti, zakuya ndi zothamanga madzi, moti nsomba sizikanathanso kukwera kulowa m'munda kukaswa. Mankhwala a m'minda anawonjezera vuto, ndiponso kansomba kachilendo ka ku America kotchedwa Gambusia, kamene kanabweretsedwa kuti kadzadye mphutsi za udzudzu, kanalanda malo. Gambusia saikira mazira, amabereka tiana tamoyo, ndipo ndi waukali. Anthu amene anamanga ngalandezo sanali oipa mtima, ankafuna mpunga wambiri, ndipo anaupeza.

Ine sindili m'gulu la anthu amene amaloza chala mlimi wa ku Likangala ali chikhalire mu ofesi ya mu tauni. Mpunga umene timadya pa Khirisimasi ndi pa ukwati ndi wake. Koma tizinena zoona: dziwe la Nothobranchius ndi losavuta kuliwononga kuposa nyanja. Ndi laling'ono, theka la chaka silioneka n'komwe, ndipo palibe lamulo la mfumu loliteteza chifukwa palibe amene amaliyesa malo a nsomba. Khasu likatembenuza pansi pake m'chilimwe, mazira amapsa ndi dzuwa. Woumba njerwa akakumba dothilo, mazira amapita mu uvuni. Ngalande ikachotsa madzi masabata awiri msanga, m'badwo wonse umatha usanaikire. Ngakhale ukonde wa udzudzu umene ena amaukokera m'maiwe m'malo mogonamo susiya kanthu. Zimene zikufunika si zazikulu: kusiya timaiwe tingapo m'mphepete mwa sikimu osatigaula, osatikwirira, osatsukiramo mapampu opopera mankhwala. Koma munthu sangasiye chimene sadziwa kuti chilipo.

Za udzudzu ndinene mosamala, chifukwa nkhaniyi anthu amaikometsa mopitiriza. Ndi zoona kuti tinsomba tonse ndatchulati timadya mphutsi za udzudzu, ndipo Nothobranchius ali ndi mwayi woti amakhala m'maiwe momwe nsomba zina sizifika. Koma udzudzu wa malungo umaswananso m'mapazi a ng'ombe ndi m'timadzi ta m'matayala a galimoto, momwe nsomba iliyonse singakhale. Kansomba ndi mthandizi chabe, musavule neti pa bedi chifukwa cha iko. Ndipo wina akadzabwera ndi nzeru yoti tithire Gambusia m'madamu athu, mudzamuuze zimene zinachitika ku Japan.

Kwa inu aphunzitsi amene mungafune kuti ana aone ndi maso awo, ulendo wake ukhale wa February kapena March, madzi akadalipo ndipo nsomba zitakula. Tengani sefa ya ufa yomangirira ku ndodo, ndowa, botolo loyera la galasi, rula ndi kope. Ana asalowe m'madzi opanda majombo, chifukwa m'chigwa cha Chilwa likodzo ndi lochuluka. Kokani sefayo pansi pa udzu wa m'mphepete, osati pakati poyera. Chimene mwagwira chiikeni m'botolo, mudikire kuti chikhazikike, pakuti nsomba yoopsedwa imasuluka mtundu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka mwana aliyense ajambule yekha ndi pensulo, chifukwa wojambula amakakamizika kufunsa kuti chipsepse chili pati, mchira ndi wotani, ndevu zilipo kapena ayi, pomwe wotola chithunzi pa foni amangodina. Alembe tsiku, mudzi, kukula kwa dziwe, mtundu wa dothi, ndi zina zimene zinali momwemo, kaya ndi mbululu, nkhono kapena tiana ta milamba. Mukatha, bwezerani nsombazo m'dziwe lomwelo.

Ndikudziwa kuti ana ena adzapempha kuti atengeko ziwiri kunyumba. Kuweta n'kotheka, ndipo oweta a kunja amachita motere: amaika yamphongo imodzi ndi zazikazi ziwiri kapena zitatu, chifukwa amphongo awiri pamalo pochepa amamenyana. Pansi amaikapo kambale ka dothi lofewa la zomera zowola. Pakatha sabata kapena awiri amatulutsa dothilo, n'kulifinya mpaka litangotsala ndi chinyezi, n'kulimanga m'pepala la pulasitiki lolembedwa tsiku, n'kulisunga pamthunzi miyezi ingapo. Akadzalithira madzi, tiana timatuluka. Mazira otere amatumizidwa ngakhale pa positi kuchoka dziko lina kupita lina. Koma nsombazi zimafuna chakudya chamoyo tsiku ndi tsiku, madzi a pampopi ayenera kugonera kuti mankhwala achoke, ndipo kuno kwathu June ndi July ndi wozizira kwa nsomba ya kuchigwa. Komanso tili ndi lamulo la zausodzi, choncho musanasamutse nsomba yamoyo funsani kaye a zausodzi. Mukakhala ku Zomba, malo aboma ofufuza za ulimi wa nsomba ali pa Domasi pomwepo. Ndipo chimene mwaweta musadzachitaye mu mtsinje kapena m'damu la kuno.

Pomaliza pa zolemba za m'kope zija, musaziyese masewera. Kwa zaka zambiri, nsomba zofiira za m'madambo a ku Salima ndi ku Nkhotakota zinkawerengedwa ngati kirki yemweyo wa ku Chilwa. Mu 2013 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Mmalawi mnzathu Enoch Ng'oma, pamodzi ndi Stefano Valdesalici, Kathrin Reichwald ndi Alessandro Cellerino, linayerekeza maonekedwe ndi majini a nsomba za mbali ziwirizi, n'kupeza kuti ndi mitundu iwiri. Wa m'chigawo chapakatiwo anamutcha Nothobranchius wattersi. Zotsatira zake n'zakuti dera la kirki ndi laling'ono kuposa mmene anthu ankaganizira, ndipo mtima wake ndi chigwa cha Chilwa ndi Chiuta. Makalabu a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe ali pafupi ndi maiwewo kuposa inu, ndiye aphunzitsi, musanakonze ulendo, yambani mwalemberana nawo kuti akuuzeni komwe madzi amachedwa kuphwa chaka chino.

Amene ali ndi mafunso aimike dzanja, tiyambe ndi ana.